Tulo ta Kefasi

"Ndiye mundiuze. Chimanga changachi chili ndi chiyani? Ndathiramo mankhwala?"

"Esi, tsitsa mawu. Anthu akutiyang'ana."

"Ayang'ane, maso ndi awo! Ine ndanyamuka kwathu mame asanaume, ndakuotcherani ndi manja angawa, inu mwangochifumbatira ngati mwana wa eni. Koma kwa Princess ndiye mumadya mpaka kunyambita supuni. Mukuyesa sindimamva?"

Linali tsiku la msika pa Kamwendo. Akabaza ankaliza mabelu, makondakitala akulimbirana mayi wina wa dengu la tomato, koma Esitele zonsezo sankazimva. Anaima kuseri kwa minibasi, maso ali psuu, akuyang'ana pakamwa pa mwamuna amene Loweruka likudzalo ankayenera kukaonekera kwa makolo ake, kumudzi kwawo kufupi ndi Kachebere.

Kefasi anali dalaivala wa minibasi ya a Moses, yoyenda pakati pa boda ndi Lilongwe. Anali munthu wathupi, wa khosi lalifupi lonenepa. Chaka chathacho, tsiku limene Esitele ankapita kukaona zotsatira za mayeso a Folomu 4, Kefasi anaimitsa galimoto yodzaza kale n'kumudikira akuthamanga pamvula. Atakwera, dalaivalayo anacheuka n'kuseka. Abale, kuseka kwake! Pakati pa mano ake akutsogolo panali kampata, ndipo Esitele anaona ngati moyo wake wonse ungathe kulowa pakampata pomwepo n'kukakhala mkatimo mwamtendere. Mayeso sanakhoze bwino, koma anabwerera kwawo akuimba.

Tsopano kuseka kuja kunazilala. Chikamusangalatsa chinthu, Kefasi ankaphimba pakamwa ndi dzanja. Nzimbe anasiya, mtedza wokazinga anasiya, ndipo masana alionse ankalowa mu lesitilanti ya a Moses, momwe mwana wawo Princess ankamuikira mpunga wofewa ndi mazira.

"Sekani," anatero Esitele. "Ngati simunasinthe, sekani ndione."

Kefasi anausa moyo. Anatsegula chitseko cha minibasi, momwe munalibe munthu, n'kumukokera mkati. Kenaka anapisa dzanja pansi pa mpando wake, n'kutulutsa kabokosi koikamo sopo. Atatsegula, Esitele anadzidzimuka mpaka kugunda mutu kudenga.

"Yesu, Maria! Mano a ndani amenewa?"

"Si mano. Ndi pulasitiki. Anayezera pa mano anga."

Chinali chinthu chooneka ngati kamwa la munthu lopanda munthu wake, mbali yakumwamba ndi yakumunsi zitalumikizana.

"Ukukumbuka tsiku lija galimoto inakalowa m'munda wa chimanga? Ndinakuuza kuti tayala linaphulika."

"Eya."

"Silinali tayala. Ndinagona, Esi. Dzuwa lili paliwombo, anthu ali mbwee m'galimoto, ine ndinagona." Ankayankhula akuyang'ana chiwongolero. "A Moses ananditengera kwa adokotala ku Lilongwe. Akuti ndili ndi matenda obanika kutulo. Ndikagona, lilime limagwera kumbuyo, kummero kumatsekeka, mpweya umaima. Thupi limadzidzimuka, ndimapumanso, kenaka kumatsekekanso. Mpaka kucha ndi zomwezo. N'chifukwa chake ndinkadzuka ngati ndachokera kumunda. Ndiye adokotala a mano anandipangira ichi. Ndimavala pogona, chimakankhira nsagwada yakumunsi kutsogolo kuti njira ya mpweya isatsekeke. Chiyambire kuvala, ndikugona ngati munthu. Koma taona zimene chikundichita."

Anayasama. Esitele anasuzumira, mtima n'kumugwa. Mano akumunsi anali atapendekera kunja, akumwamba atawerama mkati, ndipo kampata kaja, kampata kake kaja, kanali katapanikizika n'kukhota.

"Luma apa uone," Kefasi anatero, akuluma yekha. "Otafunirawa sakukumananso. M'mawa nsagwada zimakhala ngati wina wandimenya ndi mpini. Chimanga chako sindikuchikana, Esi. Ndikuchilephera."

Misozi inalengeza m'maso mwa Esitele. Anafuna kumukumbatira pomwepo, msika wonse ukuona. Koma funso lina linamutsogolera.

"Princess akudziwa?"

Kefasi anayang'ana kunja pazenera.

"Ndati Princess akudziwa?"

"Bambo ake ndi amene anandipititsa kuchipatala. Akanalephera bwanji kudziwa?"

Mawuwo anamutentha Esitele kuposa khala limene anaotchera chimanga. Mkazi wina ankadziwa za m'kamwa mwa mwamuna wake, iye mwini wake akungoyenda mumdima! Ndipo pomwepo anakumbukira Loweruka.

Kwawo kwa Esitele mpongozi sakhala pamodzi ndi mkamwini, sayang'anizana naye, sagwirana naye chanza. Amamuwerengera pambale. Mbale ikabwerako ili ndi mafupa okhaokha, ndiye kuti mlendo walandira banjalo ndi mtima wonse. Ikabwerako ndi nyama, ndiye kuti wanyoza. Msuweni wake wina anakhala mbeta chifukwa cha mwendo wa nkhuku umene mwamuna anausiya m'mbale.

"Amayi apha tambala wawo wamkulu uja," anatero. "Wachikuda, wokalamba. Mukamudya bwanji?"

"Ndikayesa."

"Mukasiya kuvala chinthuchi, mano amabwerera?"

"Ndikapumira masiku angapo nsagwada zimamasukako. Koma adokotala anati ndisamadumphitse."

"Adokotalawo Loweruka sakakhalako. Kukakhala amayi anga." Anatseka kabokosi kaja n'kukaponya m'chikwama mwake. "Ndikusungirani. Sabata ino yokha basi. Tikangodutsa pamenepa, muzivala mpaka kukalamba."

"Esi, nanga pamsewu?"

"Muzimwa tiyi wambiri. Kondakitala azikuyankhulitsani. Ngati mumandikonda, a Kefasi, sabata imodzi ndi chiyani?"

Kefasi anayang'ana chikwamacho nthawi yaitali, koma dzanja lake silinatambasuke.

Akutsika m'galimoto, mawu okoma ngati uchi anamveka kuchokera pakhomo la lesitilanti. Princess anaima pamenepo, tsitsi lowotcha likunyezimira, dzanja lili m'chiuno.

"A Kefasi! Mpunga wanu ukuzizira. Ndauphika wofewa, mmene mumaukondera muja." Kenaka anamuyang'ana Esitele kuyambira kuphazi. "Achemwali a kumudzi, mwatibweretsera chimanga? Siyani pompo, nkhuku zathu zithokoza."

* * *

Loweruka linafika ndi dzuwa lake la Sepitembala, lowotcha ngati lili ndi chifukwa ndi munthu. Kefasi anabwera ndi amalume ake, a Vitus a ku Ludzi, atavala jekete yakuda ndi tayi. Esitele anasuzumira pampanda wa udzu, mtima ukugunda ngati mtondo wa anthu awiri. Anali wokongola, mwamuna wake. Koma maso ake anali ofiira, zikope zikulendewera, ndipo pokhala pansi anachita ngati akutula thumba la feteleza.

Anawalandira pansi pa mtengo wa mango ndi a Lameki, mlongo wa mayi ake a Esitele, mwini mbumba yonseyo. Mayi ake a Esitelewo, a Nambewe, anakhala kukhitchini monga mwa mwambo, koma khutu lawo linali pansi pa mango.

Chakudya chitapita, Esitele sanachoke pampanda. Anaona a Lameki akusankha nthutumba n'kuiika m'mbale ya mlendo, kenaka ntchafu yonse. Anaona Kefasi akuitenga nthutumbayo, akuiyang'ana, akuiika m'kamwa. Anatafunira kumanja, kenaka kumanzere, kenaka anaibweretsa kutsogolo ngati mbewa. Thukuta linayenderera m'khosi mpaka kunyowetsa kolala. Anameza. Anatenga ntchafu. Nyama ya tambalayo inali ngati lamba wa chigayo, koma iye anaikoka ndi mano opendekeka aja, mtsempha wapachipumi uli tolotolo, mpaka fupa linayera. A Lameki ataphwanya fupa lawo kuti ayamwe mafuta, Kefasi naye anaphwanya lake. Esitele anamva kuti thoo, ndipo anaona maso a Kefasi akutsinzina.

Ponyamula mbale, anaona kuti pa fupa limodzi pali magazi. Analiphimba ndi chala chachikulu mpaka kukhitchini, n'kuligwetsera m'phulusa.

A Nambewe anaunguza m'mbalemo, n'kumwetulira. "Koma ndiye wadya, mwana wa eni. Ameneyu adzalima. Wasankha bwino, mwana wanga."

Esitele anathamangira kuseri kwa nkhokwe n'kuvina yekha. Zatheka! Anapsompsona kawotchi kapamkono kamene Kefasi anamupatsa ngati chikole. Anaona kale diresi loyera, belu la tchalitchi, ana a khosi lalifupi akuthamanga pabwalo.

Pansi pa mango, a Lameki anayamba mawu awo. Anali munthu woti akayamba kuyankhula, mthunzi umasuntha iwo asanafike pamutu wa nkhani.

"Kuno, a Vitus, ndi kwa chikamwini. Esitele ndi mwana wamkazi yekhayo wa mlongo wangayu. Munda wa kudambo ndi wake, malo a nyumba ndi apo pali chuluwo. Mwana wanuyu aziyendetsa galimoto yakeyo, sitikuletsa, koma kogona ndi kuno."

Kefasi anagwedeza mutu. A Lameki anakondwa. Anapitiriza za fodya, za ng'ombe ziwiri zimene zinafa, za ulemu wa akamwini akale. Kefasi anagwedezanso mutu, kenakanso, ndipo kachitatu mutuwo sunabwerere. Unagwera chagada pampando, kamwa lili yasa.

Mkonono umene unatuluka pamenepo unabalalitsa nkhuku. Ana amene ankaonerera patali anaphulika kuseka. A Lameki anaima pakati pa mawu, dzanja lili m'malere. A Vitus, manyazi atawagwira, anamukodola ndi chigongono.

"Kefasi. Iwe Kefasi."

Mkonono unakwera, unakwera, kenaka unaduka.

Panali zii. Chifuwa cha Kefasi chinkakoka, mimba ikudumpha, koma mpweya sunkalowa. Milomo inayamba kuda. Dovu losakanikirana ndi magazi linatsika pachibwano n'kudontha pa tayi. Ana aja anasiya kuseka.

"Wafa!" anakuwa mayi wina. "Mayo ine, mlendo watifera pakhomo!"

Amene anathamanga ndi a Nambewe. Anatuluka m'khitchini ndi chikho cha madzi, mwambo wonse ataiwala, n'kumugwira mutu mkamwini wawo ndi manja awiri, akumukhuthulira madzi kumaso. Mpando unapendekeka, onse awiri anagwa pansi. Pomwepo Kefasi anafwenthera ngati ng'ombe yotuluka m'dibi, n'kudzidzimuka, dzanja lake litagwira mkono wa apongozi ake, mutu wake uli pamiyendo pawo.

Anayang'anizana, maso ndi maso, mudzi wonse ukuona.

A Nambewe anadzifunditsa chitenje kumutu n'kuthawira m'nyumba. A Vitus anatola chipewa chawo. Panalibe amene anatsanzika.

* * *

M'mawa mwake, m'malo mopita kutchalitchi kumene anthu akanawaloza zala, a Nambewe anatsikira kudambo kukatentha mapesi pa nazale ya fodya. Esitele anawatsatira ndi chikwama chake. Moto unali utayaka kale, utsi ukukwawa pamwamba pa mabedi.

"Amayi, si khunyu."

"Nanga n'chiyani? Munthu kufa masana n'kudzukanso, ukuti n'chiyani?" Sanamuyang'ane. Ankakankha mapesi ndi mtengo. "Ngati si khunyu ndiye kuti alipo akumulimitsa. Maso aja sunawaone? Amene uja sagona. Thupi limakhala pamphasa, mwini wake ali kumunda kwa afiti. Ndiye ubwere naye kuno, atitengere zimenezo pamudzi?"

"Ndi matenda a kuchipatala, amayi. Kummero kumatsekeka. Ali ndi chothandizira chake, koma sabata yonseyi sanavale chifukwa ine..."

"Ndamugwira ndi manja angawa," a Nambewe anamudula mawu. "Mkamwini. Mutu wake pamiyendo panga, ngati mwamuna wanga. Bambo ako kumanda kuja atembenuka. Ndizidutsa pati popita kumjigo?"

"Munamupulumutsa!"

"Ndinadzivula."

Esitele anagwada, n'kutulutsa kabokosi ka sopo kaja. Ankakhulupirira kuti akangoona ndi maso awo amvetsa, chifukwa iye ataona anamvetsa. "Taonani, amayi. Ndi ichi. Amavala pogona. Ndinamulanda ndine kuti athe kudya tambala wanu. Wolakwa ndine."

Anatsegula.

A Nambewe anayang'ana mkatimo. Anaona kamwa lopanda munthu likuwasekerera, mano onse ali ndondondo. Anachita chizindikiro cha mtanda.

"Chimenechi chagona m'nyumba mwanga?"

"Ndi pulasitiki chabe..."

"Sabata yonse, mano a munthu m'nyumba mwanga! Ndiye ukuti si ufiti?"

Mtengo uja unatsika pa dzanja la Esitele. Kabokosi kanauluka n'kukagwera pakati pa moto. Esitele anakuwa, analowetsa dzanja m'malawi, mayi ake anamukoka ndi bulauzi mpaka kung'ambika. Chinthu chija chinapindika pang'onopang'ono ngati chikuyasamula, chinada, kenaka chinasungunuka. Fungo lake linadzaza dambo lonse.

"Wamva kununkhako?" anatero a Nambewe, akupuma mwawefuwefu. "Chinthu cha Mulungu sichinunkha choncho. Amalume ako akabweza chikole. Nkhani yatha."

* * *

Masiku anapita, a Nambewe akumulondera ngati nkhuku ya anapiye. Esitele sankadya. Minibasi iliyonse yolira kumsewu inkamuimitsa mtima. Tsiku lina atatumidwa kuchigayo, anasiya thumba pamzere n'kuthamangira pa katebulo ka lamya ka pamsewu. Kefasi analibe foni. Nambala yokhayo imene Esitele ankaidziwa inali ya ku lesitilanti.

"Halo, kwa a Moses kuno."

Mawu a uchi aja. Esitele analuma mlomo. "Ndimafuna a Kefasi."

"Aa, achemwali a kumudzi! Mwadzuka bwanji? Tambala uja anatha?" Princess anaseka. "A Kefasi agona. Sindingawadzutse, adokotala anati azipuma."

"Agona kuti?"

"Simunamve? Pepanitu. Chiwongolero bambo anawalanda, poti Lolemba lija anagonanso akuyendetsa n'kutsala pang'ono kupha mwana wa sukulu. Ndiye tinapita nawo ku Lilongwe. Ndinawaperekeza ineyo. Adokotala a mano anandifunsa kuti, ndinu akazi awo? Ine ndinangoseka."

"Anati chiyani adokotalawo?"

"Anakalipa, achemwali. Akuti nkhama zinali zofooka kale ndi chinthu chija, ndiye wina wanzeru zake anawaphwanyitsa mafupa a nkhuku. Dzino limodzi anazula pomwepo, lina likugwedera. China sangawapangirenso, chifukwa chimafuna mano olimba ogwirapo. Anati pali opaleshoni ya kummero, koma ndi ya kutali, ndipo ena amachitidwa osachira. Anati achepetse thupi, koma thupi silitsika ngati madzi a m'ndowa. Kugonera m'mbali akuti kumathandiza pang'ono chabe. Chatsala ndi makina."

"Makina anji?"

"Opopera mpweya m'mphuno munthu akagona. Mano sawakhudza n'komwe. Kuno sapezeka, koma ine ndinawalirira bambo mpaka anatuma alamu awo a thiraki kuti abwere nawo kuchokera ku Joni. Afika dzana." Anaima pang'ono, ngati akunyambita supuni. "Kungoti ndi a magetsi. Kwanu kuja kuli magetsi, achemwali? Kapena muziwalumikiza ku mwezi?"

Lamya inaduka. Mayi wa pakatebulo anamuyang'ana Esitele n'kufunsa ngati kwagwa maliro. Esitele anangopukusa mutu.

* * *

Tsiku la msika lotsatira, a Lameki anavala jekete yawo ya kumilandu n'kumuuza Esitele kuti atsogole. Chikole amabweza ndi amene anachilandira, ndi dzanja lake, ankhoswe akuona. A Vitus anali atauzidwa kale kuti akapezane pa Kamwendo.

M'nyumba ya udzu imene Kefasi ankachita lendi munali mutalowa kale anthu ena. Anawalozera kuseri kwa lesitilanti, kumene a Moses anali ndi zipinda za alendo. Chitseko chakumapeto chinali chotsegula. Princess anali pampando, akupachika katani wamaluwa pazenera.

"Takulandirani, amalume," anatero, akutsika n'kugwada mwaulemu wonse. "Lowani, musavule nsapato, ndikolopanso."

Esitele analowa m'mbuyo mwa a Lameki. Chipindacho chinali choyera, cha simenti, babu likulendewera kudenga. Pa katebulo pafupi ndi bedi panali makina aja, kabokosi kotuwa kokhala ndi chipaipi chachitali ngati chitamba cha njovu, kumapeto kwake kuli chophimba kumphuno. Nthambo yake inalowa pakhoma.

Kefasi anakhala pabedi pafupi ndi a Vitus. Ataona Esitele anaimirira, ndipo chimene Esitele anaona chinamupweteka kuposa chilichonse. Ankayembekeza kupeza munthu wofooka, womusowa, woti amunyamule. Koma maso a Kefasi anali oyera. Kufiira kuja kunatha, zikope zinadzuka, khungu linasalala. Chiyambire kumudziwa, anali asanamuonepo akuoneka wamoyo chonchi. Ndipo zimenezi sanamupatse ndi iye.

"Esi," anatero Kefasi. Polankhula, panaoneka chibowo chakuda pamene panali dzino lakumunsi.

A Lameki anatsokomola. "A Vitus, sitichulutsa mawu. Zimene zinachitika kwathu munaziona nokha. Ife sitikunyoza mwana wanu, matenda sasankha. Koma mlongo wanga wakana, mbumba yakana. Tabwera kudzabweza katundu wanu, kuti aliyense aone njira yake. Esitele, vula."

Esitele anagwira lamba wa kawotchi. Pa dzanja lomwelo panali chipsera cha moto wa kudambo, chisanapole. Anamasula kachingwe, kawotchi kanagwera m'chikhatho. Kankagunda ngati kamtima ka mwanapiye. A Vitus anatambasula dzanja. Princess, ataima pakhomo, anapinda manja pachifuwa.

Esitele anafumbata.

"Sindibweza."

"Wati chiyani?" anafunsa a Lameki.

"Ndati sindibweza, amalume. Mundimenye pompano ngati mukufuna. Munthuyu alibe khunyu, sanalodzedwe. Chomuthandiza ndinamulanda ndine, amayi anachitentha. Dzino lakelo linathera pa tambala wathu, pofuna kutilemekeza ife. Ndiye lero tizimubwezera wotchi?" Mawu ankatuluka okha, ngati madzi oboola mgula. "Mwati kogona ndi kwathu. Kwathu kulibe magetsi, akagona kumeneko adzafa. Ndiye ine ndikufuna chitengwa. Anditenge. Kumene kuli makinawa, ine ndikhala komweko."

A Lameki anavula chipewa, n'kuchivalanso. "Mwana iwe, ukudziwa chimene ukunena? Ndiwe mwana wamkazi yekhayo. Mayi ako adzawatungira madzi ndani? Ukatuluka pamudzi paja mwanjira imeneyi, munda wa kudambo upita kwa ana a mng'ono wawo, ndipo mlongo wanga ndikumudziwa, sadzakutchulanso dzina."

"Ndamva, amalume."

"Wamva, ndiye?"

"Ndiye ndikufuna chitengwa."

Pamenepo Princess anaseka pang'ono, kuseka kwa munthu amene wakhala akudikira nthawi yake.

"Koma ndiye chikondi, abale, mpaka ndalira. Kungoti pali kanthu kamodzi, amalume, poti ine ndine mwana, ndingonena zimene bambo ananena. Chipindachi ndi cha munthu mmodzi. Anapereka kwa wodwala, osati kwa banja. Mkazi salowa muno. Ndipo makinawa ndi a pakhomo pano, satuluka pageti." Anakonza katani uja ndi nsonga za zala. "Magetsi akazima, jenereta ya bambo imayaka. Ndimayatsa ndine."

Esitele sanamuyang'ane n'komwe. Anapita kwa Kefasi n'kugwada patsogolo pake, amalume onse awiri akuona, manyazi atawasiya panja.

"Tiyeni tizipita, a Kefasi. Asunge makina awowo. Tikapeza kwina, kaya kuboma, kaya ku Chipata. Ine sindizigona. Ndizikhala pambali panu, mukasiya kupuma ndizikugwedezani. Ndikusokererani chitsononkho kumsana kwa malaya kuti musamagone chagada. Ndizikuphikirani zofewa, ndiphunzira, mpunga si wa munthu mmodzi. Thupili tilichepetsa. Ndasiya amayi, ndasiya munda, mwamva nokha. Tsopano nenani inuyo. Musayang'ane amalume anu, musayang'ane uyo. Chiyambire sindinakufunsenipo, lero ndikufunsa. Mukufuna chiyani?"

Kunja msika unkasokosera, wina akuitanira kaunjika, minibasi ikuliza hutala, mwina yomweyo imene inamudikira pamvula.

Kefasi anamugwira dzanja lopsa lija, mosamala, n'kuliyang'ana nthawi yaitali. Misozi inatsika m'maso oyera aja. Esitele anadikira mawu amene anawalota kuyambira tsiku la mvula. Kenaka anaona dzanja lina la Kefasi likusuntha pabedi, pang'onopang'ono, mpaka kukagwira chipaipi cha makina aja.

"Ndimakukonda, Esi, Mulungu akudziwa," anatero, mawu akutulukira pachibowo cha dzino lija. "Koma wandifunsa chimene ndikufuna. Ndikufuna kugona. Kugona basi, n'kudzuka m'mawa ndili moyo."